Malire a Dimba Langa Pansi pa Mchenga

Azakhali anga, amene anandilera mayi atamwalira, anandichenjeza tsiku lina tikuchokera kutchalitchi. Anati, "Mwanawe, munthu akati tiyeni titseke maso tipemphere, iwe uzitseka limodzi. Linalo lizilondera nsalu yako." Ndinali kamtsikana kosatha msinkhu, koma mawuwo ndinawamanga pampango, ndipo ndakalamba nawo. Mbewu yanga sindisungitsa kwa munthu. Wondipatsa moni wautali ndimamuyang'ana m'manja. Mulungu ndimamukhulupirira ndithu, koma anthu ake akachoka pakhomo panga ndimawerenga nkhuku.

Kwathu ndi kwa Makhuwira, tsidya la kum'mawa kwa Shire, m'munsi mwa mapiri a Thyolo. Kuno munthu amakhala ndi minda iwiri. Wa kumphala, kumtunda kouma, umadalira mvula, ndipo mvula ya kuno ndi mlendo wosanena tsiku. Winawo ndi dimba, m'mbali mwa madzi, lomwe timadzala mvula ikatha, kutsatira chinyontho. Amene ali ndi dimba sagona ndi njala chaka chonse. Langa linali pakati pa gombe la kamtsinje kathu kotsika kuphiri ndi dimba la bambo wina wachinyamata. Pamalire athu malemu amuna anga anadzalapo mzere wa nzimbe, kuti aliyense aziona pamene khasu lake liyenera kulekeza.

Chaka cha madzi aakulu aja, mtsinje sunabwere ndi madzi okha. Unabwera ndi phiri. Tinathawira kusukulu ya kumtunda, komwe tinakhala milungu ingapo tikugona mothithikana ngati matemba pamphasa. Titabwerera, mapira a kumphala anali atapita onse. Ndinatsikira kumadimba ndi ndodo yanga, ndipo nditafika ndinaima ngati chitsa. Kunalibe nthochi, kunalibe bango, kunalibe chulu chomwe tinkapumulirapo. Kunali mchenga woyera, wosalala, kuyambira pamapazi anga mpaka kumene maso alekeza, ngati bwalo limene wina wasesa kuyembekezera alendo. Ndinalowetsa ndodo, inalowa yonse osakhudza dothi. Ndakhala ndikuona madzi osefukira chibadwire, koma dziko lofufutidwa chotere ndinali ndisanalionepo. Ndinachita mantha a mtundu wina, aja ogwira munthu akaona chinthu chachikulu kuposa mutu wake.

Koma mantha sadyedwa. Chinyontho sichidikira munthu, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Tikanachedwa milungu itatu, kudzala kukanakhala kutaya mbewu. Ine wopanda dimba ndikanakhala wa kudambo, kukazula nyika, timizu towawa tija ta m'madzi momwe muli ng'ona, pa msinkhu wanga uno.

Anthu anayamba kukhoma zikhomo mbandakucha, ena n'kumadzazula dzuwa litakwera. Aliyense ankakumbukira dimba lake lili lalikulu kuposa mmene linalili. Ana a munthu mmodzi anatemana ndi makasu, wina mpaka kumunyamula panjinga kupita kuchipatala. Tinapita kwa amfumu, nkhalamba yofatsa imene maso anayamba kale kuchita nkhungu. Anatambasula manja n'kunena kuti, "Ana anga, ine ndikaloza apa mudzati ndadya mbuzi ya uje. Ndikaloza apo mudzati ndadya ya winayo. Kaitaneni mayi uja anakugawirani ufa kusukulu popanda ndewu."

Ankanena Atcheya, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu. Ndi mayi wamfupi, wogulitsa zitumbuwa pamsika, wa mawu otsika moti kuti umve uyenera kutseka pakamwa pako. Abusa athu amakhala tsidya lina, ndipo mlatho utapita sanathe kutipeza, choncho mapemphero onse a kusukulu kuja anatsogolera ndi mayiyu. Ufa wachithandizo ukabwera ankagawa ndi iye. Ine ndinkakhala kutsogolo dala, maso pa mbale yoyezera, kudikira tsiku limene chala chake chidzalowe m'mbalemo. Sindinamugwire. Koma ndinkati mumtima, kusagwidwa si kusaba.

Tinasonkhana pamchengapo m'mawa, amuna makasu ali paphewa ngati akupita kunkhondo. Atcheya anati tipemphere. Ndinatseka diso limodzi monga mwa nthawi zonse. Lotsegulalo linaona zinthu ziwiri. Choyamba, alamu anga, mlongo wawo wa malemu amuna anga, ataima mbali inayo, nawonso diso limodzi lili pa ine. Tinali tisanalankhulane zaka zambiri chifukwa cha bakha wanga amene ndinamupeza m'khola mwawo atamudula nthenga. Chachiwiri, ndinaona maondo a Atcheya akunjenjemera mpaka chitenje kugwedezeka. Koma mawu awo ankatuluka osagwedera. Anati, "Ambuye, zonse zimene tinalemba panthaka pano mwalola kuti zifufutike. Tikati tilembenso tokha, tiphana. Aliyense wa ife diso lake ladwala ndi njala. Tibwerekeni maso a anzathu. Inu amene simunatisiye m'madzi, simutisiya pamchenga."

Atatha anati, "Lamulo ndi limodzi. Mwini sayankhula. Malire a anthu awiri aloza munthu wachitatu, amene ankalima pafupi n'kumaona. Pamene waloza tikhoma chikhomo, tipite kwina."

Kunali phokoso. Bambo wina wamtali, amene amagwira ntchito yodula nzimbe ku esiteti, anakuwa kuti, "Mayi, zimenezo n'zokoma pakamwa. Nanga lanu dimba aloza ndani? Paja oyandikana nanu kulibe."

Zinali zoona. Nkhalamba imene inkalima kumtunda kwa Atcheya inapita ndi madzi, ndipo banja la kumunsi kwawo linasamukira kwa abale ku Nsanje osabweranso. Dimba lawo linali kumapeto, kumene anthu sankadutsadutsa.

Atcheya anayankha kuti, "Langa likhala lomalizira. Pakapezeka wondilozera, ndilima. Pakapanda, ndiye kuti chaka chino ndilibe dimba. Inenso ndine mwini, sindiyankhula."

Phokoso linazima ngati moto wothiridwa madzi. Mayiyu anali ndi ana anayi ndi amuna odwala chifuwa, ndipo nyumba yake inali itagwa. Makasu anayamba kutsika paphewa limodzilimodzi. Ine ndinati mumtima, pali pamene wabisa, tidzaona.

Ntchito inayenda. Wina aloza, ena akhoma, eni ake akuluma milomo. Dzuwa lili pamutu anafika pa ine. Atcheya anafunsa amene ankalima moyang'anana ndi ine ndi mnyamata uja, ndipo anthu onse anatembenukira kwa alamu anga. Mnyamata woyandikana nayeyo ndi mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi.

"Iyayi!" ndinatero. "Amenewo ndi apongozi ake. Mukufuna fisi aweruze mlandu wa mbuzi?"

"Fisi ndi ndani, alamu?" anatero iwo. "Mano ndilibe ine. Onani."

Anthu anaseka. Atcheya sanaseke. Anati, "Agogo, pano wosakhala mbale wa mnzake ndani? Kwa uyu ndi apongozi, kwa ana anu ndi azakhali. Mwini sayankhula. Mukayankhula inu, onse amene akhala chete kuyambira m'mawa ayankhula."

Ndinatseka pakamwa, koma mumtima ndinali ndi muyeso wanga. Kuchokera pagombe kufika panzimbe panali mapazi makumi anayi. Ndinali nditawerenga kale dzulo lake, n'kukwirira kamwala pamalopo.

Alamu anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, osayang'ana pansi. Ankayang'ana kumtunda. Anapita uku, anabwerera, anapendeketsa mutu, kenaka anaima n'kubaya ndodo. "Apa."

Panali mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pa kamwala kanga, kulowa mbali yanga. Mizere ingati ya chimanga imeneyo!

"Mwadziwa bwanji?" ndinafunsa, lamulo nditaliiwala.

"Ndikakhala pansi pa nzimbe zija, mlambe wa kumanda unkabisa denga la tchalitchi, n'kutsala kamtanda kokha. Imani apa muone."

"Pansi pa nzimbe zanga munkatani?"

"Ndinkadya. Nanga achimwene anadzalira inu nokha?"

"Ndiye munali inu! Zaka zonsezi ndikunamizira ana asukulu!"

"Nkhabe, ayi ndithu, ana asukulu ankathyola zazing'ono. Zonenepa zija ndinali ine."

Anthu anagwa nako kuseka, koma ine misozi inali pafupi. Anakhoma chikhomo. Atcheya anandiyandikira n'kundigwira pamkono, ndipo anayankhula motsitsa kuti ena asamve. "Agogo, nzimbe sizinapite ndi madzi, zakwiririka. Kumbani. Mukapeza kuti alamu anu alakwa, chikhomo chimenechi ndidzazula ndi dzanja langa pamaso pa anthu onse, ndipo ndidzapepesa."

Sindinayembekezere zimenezo. Atsogoleri amene ndawaona ine, ukawakayikira amakufunsa kuti ndiwe yani. Uyu ankandituma kuti ndikamufufuze.

M'mawa mwake ndinatsika ndi khasu ndi beseni. Ndinayamba pa kamwala kanga. Kukumba mchenga ndi ntchito yonyoza munthu, ukachotsa beseni limodzi, theka libwerera. Ndinakumba mpaka m'chiuno, ndinafika pa dothi lakuda, lonunkhira monga ndimalidziwira. Panalibe kanthu. Ndinati mwina ndaphonya pakati pa mapando, ndinakulitsa dzenje mbali iyi ndi iyo. Ndinapeza ziputu za chimanga chobzalidwa motalikana, mabzalidwe a mnyamata uja, osati anga. Ndinakhala kaye pansi. Kenaka ndinakoka miyendo kupita pachikhomo cha alamu, ndikudziuza kuti ndikungofuna kutsimikiza kuti napo palibe.

Khasu linagunda chinthu cholimba ndisanafike n'komwe m'chiuno. Ndinasiya khasu n'kufukula ndi manja. Chinali chitsa cha nzimbe, chogona chammbali mmene madzi anachipindira. Ndipo pamfundo zake panali timphukira toyera ngati mano a mwana, tosaonapo dzuwa, titapinda mitu kulunjika kumwamba. Milungu yonse ija ife tikulira kusukulu, tikutukwanizana, tikutemana, tinthu timeneti tinali mumdima pansi pa mchenga wolemera chotero, tikukwera. Palibe anauza timphukirato kuti kumwamba kukadali dzuwa. Ndinagwada m'dzenjemo, manja ali pa chitsacho. Sindine munthu wolira pagulu, koma m'dzenje munalibe gulu.

Nditakweza maso ndinaona gombe, ndipo m'pamene ndinazindikira. Mtengo wa mkuyu umene unkakhala tsidya lino unali tsidya linalo. Mtsinje unali utasuntha, n'kudya mapazi asanu ndi limodzi a dimba langa. Ine ndinkawerenga kuchokera pagombe latsopano ngati kuti ndi lakale. Wondibera anali mtsinje. Ndipo ndikanaloledwa kuyankhula, wakuba wachiwiri ndikanakhala ine, ndikulumbira m'dzina la Mulungu ndi mtima woyera kuti ndikunena zoona. Chimenechi ndicho chinandiopsa koposa. Moyo wanga wonse ndalondera anthu ena, osadziwa kuti diso langa lomwe likhoza kundinamiza ine mwini.

"Alamu, mukudzikumbira manda? Dikirani tiitane anthu, pasakhale ntchito yaulere."

Alamu anga anali ataima pamwamba pa dzenje, atatsamira ndodo. Anasuzumira, anaona chitsacho.

"Zili moyo," anatero motsitsa.

"Zili moyo."

"Ndiye muzisamale. Ndidzafuna zonenepa."

"Mubweze kaye bakha wanga."

"Bakha uja anali wokalamba, alamu. Nyama yake inali ngati lamba wa njinga. Ndinakuthandizani."

Anandipatsa ndodo yawo kuti ndigwire potuluka. Kupepesa sindinapepese, nawonso sanapepese. Tinangokwera limodzi.

Masiku atatu anapita. Madimba onse anali ndi zikhomo, anthu ali kalikiliki kukumba maenje. Pamchenga wotere sitilima mizere. Timakumba dzenje mpaka tipeze dothi, mbewu n'kuiika pansi pomwepo, chimanga n'kumakula chikusuzumira kunja ngati mwana ali m'chitsime. Atcheya ankayenda dimba ndi dimba kuthandiza okalamba kukumba. Kumapeto kuja, kumene kunali dimba lawo, kunalibe chikhomo n'chimodzi chomwe. Palibe anadzipereka, poti aliyense anali ndi changu cha chinyontho chake. Ine ndinkadikirabe kuti ndione pamene abisa. Ndinkati lero apita mwakachetechete kukakhoma. Sanapite. Tsiku lachitatu ndinaona mwana wawo wamkulu, mtsikana wosiya sukulu, akuchokera kudambo ndi beseni la nyika pamutu.

Pamenepo ndinadziwa kuti panalibe pobisa. Mayiyu anaikadi pakamwa pa ana ake pansi kuti ife tisaphane.

Tsono dimba lawolo ine ndinkalidziwa. Ndinene zoona, ndinkalidziwa chifukwa ndinkawakayikira. Chaka china maungu anga ankasowa, ndipo poti iwo ankadutsa m'mbali mwanga popita kwawo, ndinawatsatira kangapo n'kumabisala m'bango kuwerenga maungu awo. Sindinapeze langa, koma ngodya zonse zinayi zinakhala m'mutu mwanga. Vuto linali lakuti mutu umenewo ndinali nditangouona ukunama.

Ndinapita kwa alamu. "Kumapeto kuja munkafikako?"

"Kunali therere labwino."

"Mulibe manyazi inu. Tiyeni."

Tinaitana amfumu, amene anabwera atakwezedwa panjinga, ndi anthu ena ochepa, ndi Atcheya amene. Ndinati alamu atembenuke ayang'ane kuphiri, ine ndibaye ndodo pangodya yoyamba n'kufufuta, kenaka iwo abwere abaye pawo osaona panga. Ine ndinkayezera mpata wa pakati pa mapiri awiri, iwo ankayezera mlambe wawo uja. Anthu ankaonerera. Pangodya yoyamba ndodo zathu zinasiyana ndi phazi limodzi. Pa yachiwiri zinagwa m'bowo limodzi. Amfumu anavula chipewa. Bambo wamtali wa ku esiteti uja, amene anafunsa mwaukali tsiku loyamba, ndiye anakhoma zikhomo, ndipo atatha sanachoke, anayamba kukumba maenje. Ena anamutsatira. Pofika madzulo dimba la Atcheya linali lodzalidwa, mbewu yochokera m'mipango ya anthu osiyanasiyana. Inenso ndinamasula mpango wanga. Ndinathira nyemba zodzaza manja awiri, ndipo musandifunse kuti zinandiwawa bwanji.

Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo ndi Atcheya. Ndinawafunsa chimene chinkandisautsa. "Atcheya, munadziwa kuti wina adzakulozerani?"

"Ayi, agogo."

"Nanga pakanapanda?"

"Tikanadya nyika. Ndinkaopa kwambiri, usiku sindinkagona. Koma ndinaona kuti ndikasunga khomo langa lothawira, aliyense asunga lake. Ndinangoti Mulungu amene wandiika kutsogolo kwa anthuwa akudziwa kuti ndili ndi ana." Anayenda pang'ono, kenaka anamwetulira. "Komanso bango lija silinkakubisani bwino, agogo. Mpango wanu wofiira unkaoneka. Ndinkangopempha kuti mwini mpangoyo akhale wosaiwala."

Ndinasowa poyika nkhope. Mayiyu anadziwa zaka zonsezi kuti ndinkamuyesa wakuba, ndipo kusukulu kuja ankandipatsa ufa wofanana ndi wa aliyense, n'kumanditchula agogo. Ndaona anthu olalikira mokweza mpaka malata kulira. Koma chikhulupiriro chimene ndinachiona ndi diso langa lokayika ndi cha mayi wogulitsa zitumbuwa, amene maondo ankanjenjemera koma osabweza mawu. Mpaka lero ndikamuona akudutsa ndi beseni lake pamutu, ndimaima kaye.

Chimanga chinatuluka m'maenje muja chobiriwira moderako, poti pansi pa mchengapo dothi linali lonona. Nzimbe zinaboola zokha, mzere wonse, ndendende pamene panali chikhomo. Dimba langa ndi lochepa kuposa kale, koma ndi langa, ndipo palibe amene ndimamuyang'ana ndi diso lofiira ndikamalima. Sindinapite kudambo.

Tsopano alamu anasamuka. Mkamwini wawo anapeza malo kumtunda kumene madzi safika, ndipo anawatenga. Adzukulu anga ali kwa makolo awo kutauni. Ana amati nanenso ndisamuke, koma dimba silikwera basi. Ndimakhala ndekha, m'nyumba yachitatu kuchokera pamjigo, ya chitseko cha malata. Miyendo yayamba kukana, ndipo masiku ena ndimatsika kudimba n'kuiwala chimene ndatsikira. Ana akaimba foni ndimawauza kuti ndili bwino, ndipo ndimanena ndi mtima woona, monga mmene ndinkawerengera mapazi makumi anayi aja.

Choncho inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa kwa Makhuwira, patukani. Muyambe kuodira muli patali, chifukwa sinditsegula msanga, ndipo ndidzakufunsani kuti ndinu mwana wa yani ndi chimene mukufuna. Musakhumudwe, ndi mmene ndinakulira. Mukapeza chitseko chotseka dzuwa litakwera, musangobwerera, tsikirani kudimba mukasuzumire m'maenje. Ndipo ndikakuuzani kuti ndili bwino, musatengere mawu anga. Mundiyang'ane nokha, muone ngati mumtsuko muli madzi.